Nyenyezi ya ku Burma m'chitini cha agogo: asilikali athu a Keyala amawakumbukira ndani?

NaPhiri (Area 25): Akuluakulu nonse pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Loweruka ndinali kumudzi ku Mitundu, timatulutsa katundu m'nyumba ya malemu agogo aakazi chifukwa denga layamba kudontha. M'sutikesi yachitsulo, kunsi kwa zitenje, tinapeza kachitini kadzimbiri. Mkati munali mendulo zitatu zokulunga m'kansanza, ndi kapepala komwe chiswe chinadya theka. Mendulo imodzi ndi nyenyezi yamkuwa ya nsonga 6, kansalu kake nkofiira pakati, m'mbali muli buluu ndi timizere ta olenji. Analembapo kuti The Burma Star. Ndinaitembenuza kuti ndione dzina la agogo aamuna, koma kumbuyo nkosalala, kulibe ngakhale chilembo chimodzi. Agogowo anamwalira ine ndili Sitandade 3. Chomwe ndimakumbukira ndi jasi lawo lalitali lomwe ankavala mu Juni, ndi kuti mvula ikamagunda ankalowa m'nyumba osafuna kuyankhulitsidwa. Ndiye ndikufunsa, munthu anapita mpaka ku Burma, bwanji sanamulembe dzina? Kodi n'chifukwa anali wakuda?

Amayi a Mapasa (Mchesi): Mayo ine. Pepani achemwali. Kwathu ku Dedza kunalinso agogo otero, anthu ankangowatchula kuti a Keyala mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika.

Aphunzitsi Opuma (Kawale): Mwachita bwino kubweretsa nkhaniyi, mwanawe. Pa za dzina kumbuyo kwa nyenyeziyo mtima ukhale pansi. Mendulo za nkhondo yachiwiri boma la Britain linazipereka zosalemba maina, ngakhale kwa asilikali achizungu a kwawo komweko. Za ku India, South Africa ndi Australia ndizo zinkalembedwa, chifukwa maboma akumeneko anachita okha. Za nkhondo yoyamba n'zosiyana, dzina ndi nambala ya msilikali zimakhala m'mphepete mwa mendulo. Tsono tsankho lilipo ndithu pa nkhaniyi, lalikulu, koma lili pena. Ndifotokoza.

Keyala ndi katchulidwe kathu ka KAR, King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Mabataliyoni awiri oyambirira, 1 KAR ndi 2 KAR, anali a kuno ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Agogo anuwo ngati analandira Burma Star ndiye kuti anali m'gulu la anyamata omwe anakwera sitima ya pamadzi kudutsa nyanja ya India, ambiri anayamba aima ku Ceylon, komwe lero timati Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Mu 1944 gulu lalikulu la 11th East African Division analilowetsa m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamvumbi, pomwe magulu ena omwe anamenya ku Imphal ndi Kohima, ku India, ankapumula. Chigwa chimenecho chinali cha malungo, matope ofika m'mawondo, misundu yoyamwa magazi. Anayenda choncho akukankha Ajapani mpaka kufika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala 1944. Ziphaliwali zija agogo anu ankazithawa, ine sindikudabwa.

NaPhiri (Area 25): Aphunzitsi, thupi langa lachita tsembwe. Ife tinkangoti ndi ukalamba.

Mnyamata wa ku Biwi: Ine mundikhululukire bambo, ndiyankhula mosapsatira. Anthu amenewa ankamenyera ndani? Mfumu ya ku England. Ajapani anatilakwira chiyani ife a ku Mitundu? Keyala yomweyo ndi yomwe atsamunda anaituma kukasaka anthu a John Chilembwe mu 1915, ndipo mu 1959 anaigwiritsanso ntchito pomanga anthu a Congress. Ndiye chaka ndi chaka tizivala kaduwa kofiira kukumbukira nkhondo za eni ake? Sindikunyoza agogo a achemwaliwa ayi, koma tisamasakanize ngwazi ndi antchito a mtsamunda.

Sajeni Wopuma (Chilinde): Mphwanga, funso lako ndi labwino koma mawu akuti antchito a mtsamunda andilasa. Ndavala yunifomu zaka 24. Malawi Rifles yomwe tinayamba nayo mu 1964 inabadwa kuchokera mu 1 KAR, ndiye anthu ukuwanenawo kwa ife ndi makolo. Msilikali sasankha nkhondo. Ndipo ambiri sanapite mofuna. Mfumu inkauzidwa kuti m'mudzi mwako tikufuna amuna angapo, ikalephera ikaona zakuda ku boma. Ena ankathawa msonkho wa nyumba, ena njala, ena anangokopeka ndi lipenga ndi kabudula wakhaki, poti anali ana a zaka zosakwana 20. Ukafika kutsogolo kuja sumaganiza za mfumu ya ku London, umaganiza za mnzako wagona pambali pako m'dzenje.

Aphunzitsi Opuma (Kawale): Mnyamata wa ku Biwi watchula Chilembwe, tiyeni timutchule bwino. Nkhondo yoyamba inatipeza msanga kuno. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, tsidya la nyanja yathu, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mfuti ya Guendolen ikadali ku Mangochi pafupi ndi nsanja ija ya wotchi. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho kunali nkhondo ku Karonga, ndipo omwe anagwa ambiri mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Chilembwe ataona zimenezo analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kudandaula kuti amphawi opanda kanthu akufera nkhondo yosakhala yawo n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pomwe pa mtendere sawerengeredwa. Ndiye taonani, Chilembwe sankadana ndi asilikaliwo. Ankawalirira. Kuwakumbukira lero sikutsutsana naye.

Koma omwe amandipweteka mtima kwambiri ine ndi amtengatenga. Makolo ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolira mosalekeza. Kunalibe misewu ya galimoto, ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, ndiye chakudya, zipolopolo, mahema, zonse zinkayenda pamutu pa munthu. Asilikali ochokera kuno anali pafupifupi 19,000, koma onyamula katundu anayandikira 200,000, m'dziko lomwe anthu ake onse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ankagwidwa usiku m'midzi, kumangidwa zingwe, kuyenda opanda nsapato mpaka ku German East Africa ndi ku Mozambique kulondola mkulu wa asilikali a Ajeremani, Von Lettow-Vorbeck, yemwe anadzagonja ku Abercorn, Mbala ya ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Ambiri sanafe ndi chipolopolo. Anafa ndi kamwazi, chibayo, njala, kenako chimfine chija cha 1918. Akagwa m'njira ankangowakwirira pomwepo, ena ayi. Palibe mwala, palibe dzina.

Amayi a Mapasa (Mchesi): Agogo anga aakazi ankaimba nyimbo ya maliro yotchula mtengatenga akamasinja. Ine ndinkayesa akunena ganyu wa pamsika.

Nesi wa ku Reading: Moni kumudzi nonse. Ndimangowerenga nthawi zambiri koma lero ndiyankhe, poti ndili kuno kwa eni nkhondowo. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000 omwe anafa pa nkhondo yoyamba, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a ku Africa ndi ku Middle East, sanalembedwe maina paliponse kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Enanso pakati pa 45,000 ndi 54,000, makamaka Amwenye ndi Aafirika, anakumbukiridwa mosafanana ndi Azungu. Lipotilo linanena poyera kuti gwero lake linali tsankho. Nduna ya zachitetezo ya nthawiyo, a Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Ndinaonera pa TV ndili pa shifiti ya usiku, ndinalira ndekha m'kachipinda komwera tiyi. Bungwe limeneli lamulo lake kuyambira pachiyambi linali lakuti akufa onse ndi ofanana, kazembe ndi msilikali wamba mwala umodzimodzi. Ku France anatsatiradi. Atafika kwathu kuno anati anthu awa sadziwa tanthauzo la manda. Ife amene timamanga ziliza ndi kumeta pa maliro!

Mnyamata wa ku Biwi: Mwaona? Ndi zomwe ndikunenazo. Anatigwiritsa ntchito n'kutitaya.

Nesi wa ku Reading: Eya achimwene, koma ndiye tiwataye kachiwiri ifenso? Ndikuuzeni za anzathu a ku Nepal. Kuno ku Reading ndi ku Aldershot kuli ma Gurkha ambiri, asilikali a ku Nepal otumikira Britain, ndimawasamala agogo awo kuchipatala. Nawonso ankalandira penshoni yochepa kuposa Angerezi omwe ankagona nawo dzenje limodzi, ndipo omwe anapuma chisanafike chaka cha 1997 sankaloledwa kukhazikika ku Britain. Sanakhale chete. Anapita ku khoti, anayenda m'misewu atavala mendulo zawo, mayi wina wotchuka wa zisudzo, Joanna Lumley, yemwe bambo ake anali ofesala wa ma Gurkha, anawaimirira. Mu Meyi 2009 boma linagonja, onse omwe anatumikira zaka zinayi kapena kuposerapo analoledwa kukhala kuno. Za penshoni akulimbanabe mpaka pano. Chomwe ndimasirira n'chakuti mwana aliyense wa chi Gurkha amadziwa nambala ya agogo ake, gulu lawo, phiri lomwe anamenyerapo. Agogo ena anandifotokozera za Lachhiman Gurung ngati akunena za m'bale wawo: ku Burma mu Meyi 1945 bomba la pamanja linamuphulikira m'dzanja lamanja akulibweza kwa adani, iye anapitiriza kuombera ndi dzanja lamanzere yekhayekha kwa maola anayi. Analandira Victoria Cross. Nkhalango yake ndi yomweyo munali agogo a NaPhiri. Ife tingatchule dzina la msilikali mmodzi wa Keyala ndi zomwe anachita?

Sajeni Wopuma (Chilinde): Mayi, mwandigwira pakhosi. Victoria Cross ndi mendulo yapamwamba kuposa zonse kwa Angerezi. Amwenye anayamba kuloledwa kulandira mu 1911, ndipo woyamba anali Khudadad Khan ku Belgium mu 1914. Ma Gurkha enieni a ku Nepal alandira 13. Msilikali wakuda wa Keyala palibe ndi mmodzi yemwe analandira. Olimba mtima athu ankawapatsa mendulo yawoyawo ya Aafirika. Ndipo munthu wakuda, kaya adziwe nkhondo chotani, ankathera pa usajeni meja, ofesala anali Mzungu basi. Chikoti chomwe kwawo anachiletsa kalekale, kwa asilikali akuda chinali chikugwirabe ntchito m'nthawi ya nkhondo yachiwiri.

Aphunzitsi Opuma (Kawale): Onjezani za ndalama, a Sajeni. Nkhondo itatha mu 1945 msilikali aliyense ankalandira ndalama yothokoza, yowerengera miyezi yomwe watumikira. Makalata a boma la Britain omwe atolankhani anawafukula mu 2019 akuonetsa kuti msilikali wamba wachizungu ankapatsidwa masheleni 10 pa mwezi uliwonse, wakuda wa udindo womwewo masheleni atatu ndi theka. Chipolopolo cha Mjapani sichinkafunsa khungu, koma wolipira ankafunsa. NaPhiri, tsankho lomwe mumalifuna kumbuyo kwa nyenyezi lija ndi limeneli.

Malume a ku Area 2: Ndiloleni ndiikepo mawu pa za Amwenye, poti ndagwira ntchito m'sitolo zawo ku Old Town zaka zambiri ndipo anthu timangowaona ngati ogulitsa nsalu. Pa nkhondo yoyamba India inatumiza anthu oposa miliyoni imodzi. Pa yachiwiri anafika 2.5 miliyoni, onse olembetsa okha, gulu lalikulu chotero lodzipereka silinaonekenso. Ku Burma komweko ambiri mwa asilikali a General Slim, mkulu wa nkhondo wa Angerezi kumeneko, anali Amwenye. Ndipo mbiri yawo ndi yathu zinalukana kale. Harry Johnston atabwera mu 1891 anabwera ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India, ndi omwe anamenyana ndi ogulitsa akapolo kumwera kwa nyanja, ndi omwenso anaphunzitsa perete asilikali athu oyambirira. Bwana wanga wina wakale, malemu tsopano, anali ndi chithunzi cha amalume ake atavala yunifomu kuseri kwa kauntala. Tsiku lina ndinamufunsa, anangoti anatsala ku Italy, n'kupitiriza kuyeza nsalu. Nawonso ali ndi zitini zawo.

Mnyamata wa ku Biwi: Chabwino, Amwenye ndi ma Gurkha ndamva. Koma Angerezi eni ake tiwalemekezerenji? Iwo ali ndi zipilala mudzi uliwonse.

Sajeni Wopuma (Chilinde): Siyanitsa boma ndi mnyamata, mphwanga. Mngerezi yemwe anafera ku Kohima anali mwana wa wokumba malasha kapena wa mlimi, wolembedwa mokakamiza ngati wathu yemwe. Gulu lonse la ku Burma, Fourteenth Army, kwawo ankalitcha gulu loiwalika, chifukwa anthu maso anali pa Hitler, ndipo pomwe ku London ankavina mu Meyi 1945 awa anali akufabe m'nkhalango mpaka Ogasiti. Ine ndikaima chete mphindi ziwiri zija pa mwambo wokumbukira asilikali mu Novembala ndimaimira onse. Chomwe ndimakana ndi choti wina akhale ndi mwala wolembedwa dzina, zaka ndi mawu a mayi ake, wina akhale nambala yongoyerekeza m'lipoti. Tikweze wathuyu afike pomwe pali mnzakeyo. Kumutsitsa winayo sikutipatsa kanthu.

Nesi wa ku Reading: Ku London pafupi ndi Buckingham Palace kuli zipilala zotchedwa Memorial Gates, anazitsegula mu 2002, zokumbukira anthu 5 miliyoni a ku India ndi maiko oyandikana nawo, Africa ndi Caribbean omwe anatumikira pa nkhondo ziwirizi. Ndinapitako ndi ana anga. India, Pakistan, Bangladesh, Sri Lanka, Nepal, aliyense analembedwa payekha. Ife tonse, kuyambira Nigeria mpaka Nyasaland, mawu amodzi: Africa. Mwana wanga wamkazi anandifunsa kuti Malawi ali pati. Ndinamutengera ku Trafalgar Square komwe nthawi imeneyo kunali chiboliboli cha Chilembwe atavala chipewa, chomwe anapanga Samson Kambalu, kuti mtima wake utsike.

Amayi a Mapasa (Mchesi): Koma abale tisamangoloza Azungu. Nsanja ija yokumbukira asilikali ya ku Area 18 timaidutsa tsiku lililonse pa minibasi. Ndani mwa ife anatsikapo n'kukawerenga zolembedwa pamenepo? Anthu amangopita kukajambulitsa zithunzi za ukwati pa chiboliboli cha Kamuzu. Ine mwana wanga ali Fomu 3, za Hitler ndi Mussolini amaloweza, koma nditamufunsa za nkhondo ya ku Karonga anati kodi kunali nkhondo ku Karonga?

NaPhiri (Area 25): Zoona mayi. Lolemba ndinapita ku ofesi ina, sinditchula, kukafunsa ngati pali kaundula wa asilikali akale. Anandikhazika pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Mnyamata yemwe anandilandira anaseka nditatulutsa chitini, akuti amayi zimenezi n'zachikale, mukufuna ndalama kapena? Ndinabwerera misozi ili m'maso. Sindikufuna ndalama ine. Ndikufuna ndidziwe kuti agogo anga anayenda kuti.

Woyang'anira Gulu: Pepani kwambiri NaPhiri. Amene akudziwa njira yoyenera athandize, tisangodandaula.

Sajeni Wopuma (Chilinde): Mwana wanga, yambirani ku bungwe la asilikali opuma la VELOM, lomwe kale linkatchedwa CELOM, ndi lomwe limayendetsa za maluwa a popi aja mu Novembala ndi kuthandiza agogo otsala ku nyumba za asilikali akale ku Zomba. Ku Zomba komweko kuli National Archives, kulinso chipilala cha KAR pafupi ndi Cobbe Barracks chomwe chili ndi maina a asilikali omwe anafa pa nkhondo yoyamba. Koma chinsinsi chonse ndi nambala. Msilikali amaiwala tsiku lobadwa koma nambala yake saiwala, ndipo kaundula amayendera nambala chifukwa maina Azungu ankawalemba mokhota, ena ankalembetsa dzina la bambo awo kapena la mudzi. Kapepala kodyedwa ndi chiswe kaja musakataye, musakapinde.

Aphunzitsi Opuma (Kawale): Ndipo fulumirani kwa achikulire omwe atsala. Omwe anamenya nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ngati alipo ndi owerengeka pa zala, onse ali pafupi zaka 100. Koma akazi awo aang'ono, alongo awo, ana awo oyamba alipo, ndipo amasunga zambiri. Ngakhale magule athu amasunga. Mganda womwe timavina kuno ku Lilongwe, Dowa ndi Kasungu, malipenga a ku Nkhata Bay, beni wa ku Mangochi, mizere ija, kabudula woyera, sitokisi zofika m'mawondo, wina kumutcha kaputeni wina sajeni, zonsezo zinachokera ku perete wa asilikali. Anthu obwera ku nkhondo analibe nyuzipepala yolembamo, anaika m'miyendo.

Mnyamata wa ku Biwi: Ine mganda ndavina kuyambira ndili mwana kwathu ku Dowa, badza ndimaliza bwino, koma izi sindinkazidziwa. Pa za mfumu ya ku England sindinasinthe maganizo, ndipo kupepesa kopanda kubweza masheleni aja kwa ine n'kosakwanira. Koma a Sajeni, mawu aja ndawabweza, ndinalakwitsa. Ndikafunsa amayi ngati kwathu kunali wa Keyala kapena wamtengatenga. NaPhiri, ndili ndi foni yojambula bwino, mukafuna kujambula kapepalako ndi mendulozo ndibwera ku 25.

NaPhiri (Area 25): Zikomo achimwene, bwerani Lachisanu madzulo. Ndakayang'ananso kapepala kaja pawindo. Manambala anayi akuoneka bwinobwino, awiri oyambirira ndi omwe chiswe chinadya, ndipo pansi pali chidindo chofiirira cholembedwa 1946. Ndaimbira azakhali anga aakulu ku Mitundu, ali ndi zaka 84. Akuti agogo atabwera anatsika sitima ku Salima, anafika pamudzi usiku ndi jasi lija, bulangete limodzi ndi makina osokera omwe anagula ndi ndalama ya ku nkhondo, ndipo mayi awo anakomoka poti anali atawalira kale maliro. Akuti nambala ankaitchula akaledzera, mwa Chingerezi, ataima njo, ndipo azakhaliwo akuganiza kuti akhoza kuikumbukira ndikakhala nawo pansi. Loweruka ndikupita.

Sajeni Wopuma (Chilinde): Mukawajambule mawu azakhaliwo, musadalire mutu. Muwasiye ayankhule okha, musawadule. Lamulungu lachiwiri la Novembala ine ndimakhala ku nsanja ya ku Area 18 chaka chilichonse, 10 koloko ndimakhala ndafika kuti 11 koloko indipeze pamzere. Mubwere nazo mendulozo. Inu monga mdzukulu mumaloledwa kuzivala, koma kudzanja lamanja la chifuwa, kumanzere n'kwa mwini wake. Musazikweche ndi phulusa kapena mchenga, mungozipukuta ndi kansalu kofewa kouma, ndipo tinsalu take ngakhale tathetheka musatichotse, ndidzakuonetsani kasokedwe kake.

NaPhiri (Area 25): Ndamva bambo. Ndibwera nawo ndi azakhali ngati miyendo iwalola.